Kodi mabotolo osweka angadzutse nthaka yoguga ya ku Milepa?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pomafika chaka cha 2025, thumba la feteleza la makilogalamu 50 linali litadumpha kale K100,000 m'sitolo zambiri m'dziko muno, ndipo kuchokera apo alimi ang'onoang'ono akhala akutchera khutu ku nzeru iliyonse yomwe ingawathandize kukolola popanda kugulitsa mbuzi kapena njinga. Ena adathamangira ku manyowa a Mbeya, ena ku mkodzo wa akalulu, pomwe ena adangotaya mtima n'kudzala chimanga chopanda chothira.

Pakati pa nzeru zoterezi pali ina yomwe yachokera kutsidya kwa nyanja. Akatswiri ena a sayansi akuti mabotolo a galasi otayidwa, akawaphwanya mpaka kusanduka ngati mchenga, angathe kusakanizidwa ndi dothi ndipo mbewu zimakulamo bwino. Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu chifukwa ikuoneka ngati ikuthana ndi mavuto awiri pakamodzi: zinyalala zomwe sizivunda komanso nthaka yomwe yaleka kubereka.

Koma kodi nzeru imeneyi ingamuthandize mlimi wa ku Milepa m'boma la Chiradzulu, yemwe kamunda kake n'kosakwana hekitala, amalima ndi khasu la manja, ndipo nthawi zambiri amalowa m'munda wopanda nsapato?

Zomwe adapeza ku America

Mwezi wa Ogasiti 2024, pamsonkhano wa bungwe la akatswiri a sayansi la American Chemical Society, gulu la pasukulu ya ukachenjede ya University of Texas Rio Grande Valley lidalengeza zotsatira zoyamba za kafukufuku wake. Gululi, lomwe mudali aphunzitsi Julie Vanegas ndi Teresa Patricia Feria Arroyo komanso wophunzira Andrea Quezada, lidadzala tsabola wa mitundu iwiri ndi coriander m'miphika. M'miphika ina mudali dothi logula lokhalokha, ina galasi lokhalokha, ndipo ina zosakaniza pamilingo yosiyanasiyana.

Galasilo silidali zibenthu za mabotolo ngati zomwe zimapezeka kuseri kwa malo omwera mowa. Lidachokera kukampani yomwe imaphwanya mabotolo ndi makina kenako n'kupekesa tizidutswato mpaka nsonga zonse zitatha, moti munthu atha kufumbata m'manja osachekeka. Akatswiriwo adaona kuti tizidutswa ta msinkhu wa mchenga waukuluukulu ndi tomwe timalola mpweya kufika kumizu komanso kusunga chinyezi bwino.

Malinga ndi gululi, mbewu za m'miphika momwe mudali galasi zidakula msanga, ndipo mlingo womwe udaoneka wabwino ndi woti galasi lipose theka. Chinanso chidali choti m'miphika ya dothi lokhalokha mudamera chuku chomwe chidapinimbiritsa mbewu, pomwe m'miphika yokhala ndi galasi chukucho sichidaoneke.

Izi si zokhazo. Mumzinda wa New Orleans, m'dziko lomwelo la America, ophunzira awiri a pa Tulane University, Franziska Trautmann ndi Max Steitz, adayambitsa ntchito yotchedwa Glass Half Full m'chaka cha 2020. Iwo amatolera mabotolo, kuwagaya kukhala mchenga, ndipo mchengawo umagwira ntchito yobwezeretsa magombe omwe nyanja ikudya m'chigawo cha Louisiana. Udzu wa m'madambo a kumeneko umamera pamchenga wa galasiwo.

Choncho nkhaniyi si nthano. Koma pali mfundo ziwiri zomwe zimasowa nkhaniyi ikamayenda pakamwa ndi pakamwa. Yoyamba ndi yoti kafukufuku wa ku Texas adachitikira m'miphika, osati m'munda. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, ndi yoti chakudya cha mbewuzo chidachokera m'dothi logula lija, lomwe amalikonza kale ndi chonde chokwanira. Akatswiriwo adapeza kuti miphika yomwe idali ndi dothi lochuluka ndi yomwe idalinso ndi michere yochuluka yomwe mbewu zimafuna. Galasi lidangopereka malo abwino oti mizu iyendemo.

M'botolo muli chiyani?

Galasi la mabotolo wamba amalipanga posungunula mchenga, soda ndi laimu pamoto waukulu kwambiri. Pa magawo 100 aliwonse, oposa 70 ndi silika, yemwe ndi chinthu chomwecho chimapanga mchenga wa kumtsinje. Otsalawo ambiri ndi soda ndi laimu.

Mlimi akagula thumba la NPK kapena Urea amakhala akugula makamaka nayitirojeni, yemwe amapangitsa chimanga kubiriwira, ndi fosifolasi, yemwe amalimbitsa mizu. M'botolo mulibe ziwirizi. Munthu atathira ngolo yonse ya galasi logaya pamunda woguga, chimanga chidzatuwabe ngati kale. Apa mpofunika kunena mosapsatira mawu: galasi logaya si feteleza, ndipo aliyense yemwe angadzabwere pamsika wa Milepa ndi matumba a galasi n'kumati ndi feteleza wamakono adzakhala akuba masana dzuwa likuswa mtengo.

Chenjezo limeneli si lopanda pake m'dziko momwe apolisi adagwirapo anthu akugulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga, komanso momwe m'chaka cha 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wa AIP zidapita kukampani ina ya ku Britain yomwe idadzadziwika kuti ndi yogulitsa nyama. Ngati akuluakulu a ku Capital Hill adapusitsika chotero, kuli bwanji gogo wa m'mudzi yemwe waona thumba la zinthu zonyezimira pamtengo wotsika?

Pali mbali imodzi yomwe galasi lingathe kudyetsa mbewu pang'ono. Mbewu za mtundu wa udzu monga mpunga, nzimbe ndi chimanga zimayamwa silika m'nthaka, ndipo silikayo amalimbitsa phesi kuti lisagwe ndi mphepo komanso kuti tizilombo tivutike kuliboola. Vuto ndi loti galasi limasungunuka pang'onopang'ono zedi. Ndi chifukwa chake botolo lomwe lidakwiririka m'nthawi ya atsamunda limafukulidwa lero lili lonselo. Kuti litulutse silika wothandiza mbewu, liyenera kuperedwa kukhala ufa wosalala kwambiri, ndipo likatero limatulutsanso soda. Soda wochepa angachepetseko asidi m'nthaka, koma akachuluka amaononga dothi, makamaka la makande lomwe madzi salowa msanga.

Matenda enieni a nthaka ya ku Chiradzulu

Sing'anga wabwino amayamba wafunsa pomwe pakupweteka asanasinje mankhwala. Kodi nthaka ya ku Milepa ikudwala chiyani?

Choyamba ndi kuthinana. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, lomwe ndi limodzi mwa maboma ang'onoang'ono m'dziko muno. Izi zikutanthauza anthu oposa 460 pa sikweya kilomita imodzi, ndipo bomali ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri. Minda imagawidwa kwa ana aakazi mbadwo ndi mbadwo, ndipo m'gawo lililonse kamunda kamacheperachepera. Zogoneka munda kuti upume zidatha kalekale. Chimanga chimabwerera pamzere womwewo chaka ndi chaka, ndipo mapesi omwe akadabwezera chonde amathera kumoto, kukhola kapena kutenthedwa ndi anyamata osaka mbewa.

Chachiwiri ndi kukokoloka. Kafukufuku yemwe boma lidachita mogwirizana ndi nthambi za bungwe la United Nations adapeza kuti m'chaka cha 2014 dziko la Malawi linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi lomwe limapita ndi lapamwamba, lomwe muli chonde. Anthu a ku Chiradzulu safuna kuuzidwa ndi mabuku za nkhaniyi. Mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira, ndipo m'madera ambiri a m'bomali minda idakokoloka pomwe madimba ena adakwiriridwa ndi mchenga ndi miyala. Chaka chotsatira kudabwera ng'amba ya El Niño, ndipo pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala.

Apa pali chinthu choseketsa koma chomvetsa chisoni. Mlimi yemwe dimba lake lidakwiriridwa ndi mchenga wa Freddy ali kale ndi silika wochuluka kuposa momwe amafunira. Kumuuza kuti aonjezere mchenga wina wa galasi kuli ngati kupatsa munthu wa chimfine madzi ozizira.

Chachitatu ndi kutha kwa zovunda m'nthaka komanso kukwera kwa asidi. Feteleza wa nayitirojeni akamathiridwa zaka zambiri popanda manyowa, nthaka imanka niwawasa, ndipo ikatero imamanga fosifolasi moti mbewu sizitha kumuyamwa. Ndi chifukwa chake alimi achikulire amadandaula kuti thumba limodzi lomwe kale linkadzaza nkhokwe lero likungotulutsa matumba owerengeka. Sakunama. Akatswiri omwe adayeza minda ya alimi m'dziko muno adapeza zomwezo: pomwe zovunda zachepa, phindu la feteleza nalo limatsika.

Boma lakhala likuyankha vutoli ndi thumba. Kudali sitata paki m'chaka cha 1998. Kudabwera makuponi a Bingu wa Mutharika m'nyengo ya 2005/06. M'chaka cha 2020 kudabwera AIP pamtengo wa K4,495 pathumba, mtengo womwe udakwera kufika pa K7,500 kenako K15,000 uku chiwerengero cha opindula chikutsika. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mwezi wa Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mwezi wa Novembala 2023 kudamaliza zonse. Ngakhale atsogoleri a mu Africa adavomereza kuti thumba palokha silokwanira. Pomwe msonkhano wa ku Abuja wa 2006 udatsindika zoonjezera feteleza kufika makilogalamu 50 pa hekitala, wa ku Nairobi wa Meyi 2024 udaika thanzi la nthaka m'dzina lenileni la msonkhanowo.

Pa matenda atatuwa, palibe ngakhale amodzi omwe galasi lingachize. Silikulitsa munda, silitchinga madzi othamanga, ndipo silivunda kuti libwezere chonde.

Masamu a mabotolo

Tingoyerekeza kuti mlimi wina wa ku Milepa wakhutira ndi nzeruyi ndipo akufuna kuiyesa pa ekala yake imodzi. Dothi lapamwamba lomwe khasu limafika, lakuya masentimita 15, limalemera pafupifupi matani 800 pa ekala. Kuti galasi likhale gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, pakufunika matani 80, omwe ndi pafupifupi mathiraki atatu akuluakulu aja amanyamula feteleza kuchokera ku Beira. Tikati botolo limodzi likulemera magalamu 300, ndiye kuti mlimiyo atolere mabotolo oposa 260,000. Kuti afike pa theka lomwe akatswiri a ku Texas adaona kuti ndi labwino m'miphika yawo, chiwerengerocho chikudutsa 1 miliyoni.

Ngakhale bedi limodzi la m'dimba, la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, lingafune mabotolo oposa 3,000 kuti theka la dothi lake likhale galasi.

Ena angati athire pang'ono pokha poti pang'ono ndi bwino kusiyana ndi kusathira n'komwe. Pa dothi la makande, lomwe limapezeka m'malo otsika a chigwa cha Phalombe, maganizo amenewa ndi olakwika. Makande amamata nthawi ya dzinja n'kung'aluka nthawi ya chilimwe chifukwa tizidutswa take ndi tosalala kwambiri. Mchenga wochepa ukalowamo, dongo limangodzaza mipata yonse ya pakati pa mchengawo, ndipo chotsatira chake ndi chomwe woumba njerwa aliyense amachidziwa: dongo losakaniza ndi mchenga pang'ono limauma gwa. Chomwe chimafewetsa makande ndi manyowa ndi mizu ya mbewu.

Nanga mabotolowo achokera kuti? Apa mpomwe pali kusiyana kwakukulu pakati pa Texas ndi Chiradzulu. Ku America botolo amamwera kamodzi n'kutaya, ndipo mabotolo ambiri amathera kudzala. Kuno botolo ndi chuma. Kuyambira pomwe fakitale ya Carlsberg idatsekulidwa mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 1968, Amalawi adazolowera kuti botolo la mowa kapena la chakumwa choziziritsa kukhosi limabwerera m'kireti, ndipo wopita nalo kunyumba amasiya ndalama ya chikole. Kampani ya Castel, yomwe idagula Carlsberg Malawi m'chaka cha 2016, idapitiriza dongosolo lomweli.

Mabotolo omwe sabwerera kufakitale nawo sagona padzala. Amayi ophika kachasu amayezera m'menemo, ena amaikamo uchi, mafuta ophikira, tsabola wosinja kapena mankhwala achikuda. Lomwe lasweka limakwera pamwamba pa mpanda wa njerwa kukaopseza akuba, kapena limaponyedwa m'chimbudzi chokumba. Pamsika ngati wa Milepa chinyalala chomwe chimadetsa maso ndi majumbo ndi mabotolo a pulasitiki. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, opanga mowawo sadathamangire ku galasi, adalowa m'timabotolo ta pulasitiki. Kuphwanya botolo lomwe likadagwira ntchito kakhumi kuti lisanduke mchenga kungakhale kutaya ndalama zakunja, chifukwa mabotolo amenewa dziko lino limaitanitsa kunja, ngakhale kuti m'madambo a ku Mchinji komanso pamchenga wolekanitsa nyanja za Chilwa ndi Chiuta muli mchenga woyenera kupangira galasi.

Kuopsa kwake

Chomwe chikudetsa nkhawa kwambiri ndi choti nzeru zotere zikafika kumudzi zimafika zitaduka mchira. Munthu adzangomva kuti azungu akuthira mabotolo m'munda, osamva za makina opekesa nsonga aja. Adzatenga hamala kapena mwala n'kuyamba kuswa.

Galasi loswa pamanja limakhala ndi nsonga ngati lumo, ndipo silibuntha msanga m'nthaka. Ku Milepa, monga kwina konse kumudzi, munthu amapalira ndi manja, amakumba mbatata ndi zala, ndipo ana amatsatira makolo kumunda ali chosavala kumapazi. Bala la m'munda ndi khomo la kafumbata. Mankhwala ophera tizilombo akathiridwa molakwika amatha mphamvu pakapita nthawi, koma zibenthu za galasi zikalowa m'munda zalowa, ndipo zidzacheka adzukulu a yemwe adaziika.

Choopsa china ndi chigayo. Makina okhawo ogayira zinthu omwe ali pafupi ndi mlimi ndi chigayo cha chimanga, ndipo m'nyumba muli mtondo ndi munsi. Tsiku lomwe wina adzayese kugaya mabotolo m'chigayo momwe mawa lake amayi adzagayitsamo mgaiwa, nkhani yake idzathera kuchipatala. Fumbi la galasi nalo si lofunika kulipuma kapena kuti lilowe m'maso.

Komanso si galasi lililonse lomwe ndi lofanana. Magalasi a ma TV akale aja a chimimba kumbuyo ali ndi mtovu, mababu aatali oyera ali ndi mercury, ndipo mabotolo ena adasungapo mankhwala a mbewu kapena a kuchipatala. Makampani a kunja amasankha ndi kutsuka asanagaye. Padzala la pamsika zonsezi zimakhala mulu umodzi.

Zomwe zili kale pakhomo

Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Ngati cholinga ndi kupatsa mbewu silika, alimi a ku Milepa ali pafupi ndi gwero labwino kuposa botolo. Mankhusu a mpunga akatenthedwa, phulusa lake pafupifupi lonse ndi silika, ndipo ndi wa mtundu womwe mbewu zimayamwa mosavuta. M'chigwa cha nyanja ya Chilwa, kumasikimu monga Likangala ndi Domasi komanso m'madambo a ku Phalombe, mpunga umalimidwa wambiri ndipo pazigayo zopunthira mpunga mankhusu amaunjikana milumilu. Mankhusu owauka mosapsereza, osanduka ngati makala, amafewetsa dothi la panazale, amasunga chinyezi, ndi opepuka kunyamula panjinga, ndipo sacheka munthu.

Ngati vuto ndi asidi, mankhwala ake odziwika ndi laimu wa m'munda, ndipo miyala yake ili m'dziko momwemuno, monga ku Balaka. Chodabwitsa n'choti kwa zaka zonse zomwe boma lakhala likugawa makuponi, laimu sadakhalepo nkhani yaikulu pamisonkhano ya ndale. Mwina chifukwa phindu lake limaoneka pang'onopang'ono pomwe chisankho chimabwera pa zaka zisanu zilizonse.

Ngati vuto ndi nayitirojeni, Chiradzulu ndi kwawo kwa nandolo. Mizu ya nandolo imatenga nayitirojeni mumpweya n'kumuika m'nthaka, imaboola chidindo cholimba chomwe khasu lidasiya pansi pa mizere, ndipo masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa. Pamalo a kafukufuku a Makoka m'boma la Zomba, omwe sali kutali ndi Chiradzulu, akatswiri adayamba kuyesa kulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kwa zaka zoposa khumi minda yokhala ndi mitengoyi idakolola zochuluka kwambiri kuposa yopanda feteleza ndi mitengo yomwe. Umenewu ndi umboni wa m'munda, wa nthaka ndi mvula ya kuno, wosiyana ndi wa m'miphika ya ku Texas.

Palinso ng'ombe za mkaka, zomwe alimi ambiri a m'bomali amaweta m'makola kudzera m'magulu ogulitsa mkaka. Ndowe zake pamodzi ndi za mbuzi, nkhumba ndi zitosi za nkhuku ndizo msana wa manyowa a Mbeya. Kasakanizidwe kake kamasiyanako malinga ndi mlangizi, koma kawirikawiri amaphatikiza madeya, ndowe zouma, phulusa, makilogalamu 10 a feteleza ndi madzi pang'ono, n'kumanga m'thumba losalowa mpweya kwa masiku 21. Mwanjira imeneyi thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu.

Naponso mpofunika chilungamo. Matumba asanuwo sakhala ndi mphamvu ya matumba asanu a m'sitolo. Madeya ndi chakudya cha ziweto, ndipo chaka cha njala ndi chakudya cha anthu. Banja losauka kwambiri, lomwe ndi lomwe likusowa feteleza, nthawi zambiri lilibe ngakhale mbuzi yoti lipezepo ndowe. Nandolo naye amadalira msika wa ku India, womwe udagwetsa mitengo m'chaka cha 2017 dzikolo litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Njira zonsezi zili ndi minga yake. Kusiyana kwake ndi koti izi zikulimbana ndi matenda enieni a nthaka.

Pomwe galasi lingagwire ntchito

Kunena izi sikutanthauza kuti nzeru ya galasi itayidwe kudzala. Malo ake alipo, koma ndi m'tauni. Mahotela, malo omwera mowa ndi masitolo akuluakulu a mu Blantyre ndi Limbe amatulutsa mabotolo a vinyo ndi mowa wakunja omwe sabwerera kufakitale iliyonse. Ambiri amathera kudzala la Mzedi, komwe anthu otoleza zinthu, kuphatikizapo ana, amayenda pamwamba pake. Kumeneko galasi ndi vuto lenileni, ndipo lili pamalo amodzi pomwe makina amodzi oyendera magetsi angathe kuligaya moyenera.

Mchenga wotuluka pamenepo msika wake woyamba ungakhale wa zomangamanga: mabuloko, matailosi a pansi ndi misewu. Thiraki iliyonse ya mchenga wa galasi ingachepetseko mchenga womwe ukukumbidwa m'mitsinje, ntchito yomwe ikugumula magombe ndi kudya madimba a anthu. Mwanjira yokhotakhota imeneyi galasi lingathe kuteteza nthaka ya mlimi popanda kulowa m'munda mwake.

Msika wachiwiri ndi wa nazale. Ofesa mbande za mitengo, maluwa, tomato ndi kabichi m'machubu amasakaniza kale dothi, manyowa ndi mchenga wa kumtsinje. Apa milingo yake ndi ya ndowa, osati ya mathiraki, ndipo ndi pomwe zotsatira za ku Texas zikufanana ndi zomwe zimachitika kuno. Ngati n'zoona kuti galasi limachepetsa chuku, alimi a tomato a ku Chiradzulu, omwe amataya mbande zambiri ndi matenda ofooketsa tsinde zikadali panazale, angakhale oyamba kupindula. Komabe mbande ikamaokedwa imapita kumunda ndi dothi lake, choncho galasi la m'machubu liyenera kukhala lopekesedwa bwino lomwe.

Oyenera kuyankha funso limeneli alipo. Malo a kafukufuku a Bvumbwe ndi Chitedze ali ndi zipangizo zoyezera nthaka, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Luanar ili ndi ophunzira omwe chaka chilichonse amasaka mitu ya kafukufuku. Kuyesa kwake sikofuna mamiliyoni ambiri: machubu a mchenga wa kumtsinje mbali ino, a galasi logaya pakati, a mankhusu a mpunga owauka mbali inayo, pa dothi la katondo ndi la makande, kwa nyengo ziwiri kapena zitatu, uku akuyeza kuchuluka kwa soda yemwe akutsalira m'dothi. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards liyeneranso kunena msinkhu ndi kusalala kwa galasi lomwe lingaloledwe kugulitsidwa, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la Mepa linene mitundu ya magalasi yomwe siyenera kuyandikira chakudya.

Kufikira zimenezi zitachitika, mlangizi wa zaulimi yemwe angafunsidwe nkhaniyi ndi alimi a ku Milepa ali ndi yankho lalifupi: botolo lamoyo libwerere m'kireti kapena kwa mwini uchi, losweka likwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi munda, ndipo mapesi a chaka chino asatenthedwe koma alowe m'dzenje la kompositi mwezi wa Juni usanathe, kuti adzakhale atapsa pofika mvula yoyamba.